Alamu anu akana kuyankhula kukhoti

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mitundu tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Ine ndatopa nawo alamu anuwa. Yosefe wathu anathyoka mkono atagwa pangolo ya fodya nthawi ya sukulu. A boma oona za ana anamutenga kukamusungitsa kwa asisitere, ife natiitanira kukhoti.

Woweruza anati, "Bambo, muli ndi ufulu wofotokoza mbali yanu. Mukafotokoza bwino, mwana mubwerera naye lero."

Alamu anuwo anaimirira, chipewa m'manja, nati, "Ine ndine mkamwini chabe. Mwini mbumba ali ku Joni." Basi, nakhala pansi!

Ine ndinayesetsa kufotokoza, koma woweruza ankafuna mawu a iwowo popeza ndiwo ankayendetsa ngoloyo. Mlandu aukankhira mwezi wamawa, ndipo Yosefe anabwerera kwa asisitere akulira. Matipate ano aliyense akubwebweta ngakhale m'minibasi, koma bambo wa mwana, zii!

Chonde alembereni msanga, muwauze kuti mwawalola kuyankhulira mwana wawo. Ufulu wa boma aukana, akudikira wanu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinala