Ndayenda Pamwamba pa Nyanja

Loweruka, mu Januwale. Kwazizira koopsa, ndipo mtima sunakhazikikebe.

Lero Erik, mnzanga wa m'kalasi, ananditengera kunyanja ya dziko lachilendo lino, kumene ndikuphunzira. Madzi onse aundana ngati simenti. Ine, mwana wa msodzi wa ku Liwaladzi, ndinaima m'mphepete kufunafuna bwato. Erik anati, "Tiye, Saidi, ngakhale galimoto imadutsa apa."

Ndinati Bisimilahi, monga amachitira bambo akamakankha bwato, n'kuponda. Sindinamire. Pakati penipeni mkulu wina anali ataboola dzenje, akuwedza atakhala pampando. Ndinagwada n'kusuzumira. Madzi akuda bii, amoyo, pansi pa mawondo anga.

Makalata opita kwathu amayamba awerengedwa ndi aboma panjira. Owerengawo sindikuwaopa lero. Koma bambo ndiwauza bwanji? Adzati mwana wawo wayamba mowa.