Maina Ali M'kompyuta

Lachinayi, mwezi wa Agosto, ku Mualadzi. Mtima sunakhale pansi tsiku lonse.

A Fernando, okonza makina, abwera kuchokera ku Tete kudzaona kompyuta ya parishi, momwe ndimasungamo maina a anthu omwe sanapezekebe chithere nkhondo. Akuti sisitema yatsopano yoyendetsa kompyuta ituluka posachedwa, ndipo ofesi yathu yaikulu ya ku Tete ikufuna tonse tisinthe. Sisitemayo imayenda bwino ndi memoriya ya mamega asanu ndi atatu. Yathu ili ndi anayi, disiko yosungiramo zolemba nayo ndi yaing'ono.

Ndinawafunsa ngati mainawo adzapulumuke poiikapo. Anati, "A Lusiya, makina okalamba chonchi sindingalumbire."

Masana kunafika mayi Nachisale, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. "Mwana wanga Zuze akadalimo m'makinamo?" Ndinawaonetsa dzinalo pagalasi. Kuwerenga sadziwa, koma analikhudza ndi chala.

Sindinawauze kuti mainawo angafafanizike. Atapita ndinatenga kope n'kuyamba kukopera maina onse pamanja. Ndangofika pa chilembo B, mafuta a jeradori yotipatsa magetsi atha, kompyuta yazima. Padiri akuti ena abwera Lolemba, koma a Fernando akabweranso msanga ndi madisikete awo oikira sisitemayo ndisanamalize kukopera...