Mlandu wa Paketi Yachinayi

Rosettenville, Joni
14 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Malcolm,

Ine Flora, mlongo wanu, mwini digiri ya zaulimi imene ikuchita nkhungu m'sutikesi, ndabwera ndi dandaulo pamaso panu. Koma poti ndinaleredwa bwino, ndiyambe ndafunsa: muli bwanji kumudziko? Bondo lija linasiya kuvuta? Ine ndili bwino, kupatula zimene mwandichitazi.

Mlandu wake nawu. Katundu amene munapatsira a Tobias, adalaivala a basi aja, anafika Lolemba. Ine ndinkadikira matemba a ku Chilwa. Ndinapeza timapaketi tinayi ta masamba ouma, dzina lanu litalembedwa m'zilembo zikuluzikulu ngati mukuima nawo pa chisankho. Ati ndilawe, ndikaonetse azungu.

Bizinesiyo sindikuitsutsa. M'sitolo imene ndimagwira ntchito, chammwamba, chidede ndi lemonigirasi zimakhala pashelefu yapamwamba, ndipo ogula amavala magalasi kuti awerenge bwino kabokosi. Zomwe zija Mayi ankapatsira anthu pampanda! Ine amene ndinabwera ku holide kuchokera ku Bunda n'kuwauza kuti zitsamba zawozo zilibe umboni wa sayansi, lero ndimazipukuta fumbi ndi kansalu. Limani ndithu, madzi a Domasi sanaphwe. Koma muziyanika pamthunzi. Chidede chanu mwachiotcha pamalata mpaka chatuwa ngati mapazi a m'chilimwe, ndipo wogula wanu wa ku Songani uja akachiona adzakusekani.

Tsopano paketi yachinayi. Munalembapo kuti chothamangitsa udzudzu. Ndinaitsegula nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa sitolo. Mpungabwi, achimwene!

Inu munalipo. Munaona nkhope ya Mayi, munaponya dothi. Ine munandiimbira Lachinayi lija kunena kuti akundifunsa, ndinayankha kuti ndibwera mwezi ukatha. Ndinafika patapita masiku awiri ataikidwa. Chimene ndinapeza m'chipinda mwawo ndi mpungabwi umene amayi a Mvano anamwaza pansi, utafota, anthu ataupondaponda. Maliro onse amene ine ndinaona ndi fungo limenelo.

Ndinangokhala pakreti. Abwana atafunsa, ndinati ndi chimfine. Paketiyo ndinakaitaya panja, koma fungo latsalira mu yunifolomu ngakhale ndaichapa kawiri. Dzulo m'takisi wina anatsokomola kumbuyo, katsokomoledwe ka Mayi kaja kothera m'mphuno, ndipo ndinatembenuka pakamwa patatseguka kale kuti ndiyankhe.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu anandiuza pafoni kuti mukufuna kuzula mpungabwi wa pakhomo la khitchini, muikepo thandala loyanikira. Ndikukumbutseni, bwana wamkulu wa kampani, kuti malowo ndi a mbumba, ndipo mbumba yake ndi ineyo. Inu ndinu mlonda chabe. Munda tengani, dimba lomwe tengani, dzalani mpaka mizere ikafike ku Naisi. Koma wa pakhomowo musauzule, musauike m'paketi. Umadzimerera wokha chaka ndi chaka kuchokera ku njere za umene Mayi anadzala. A Abida, anzawo a Mayi a kuseri kwa mpanda aja, azithyola monga kale osagogoda, ndiponso aliyense amene zamugwera.

Mukudabwa kuti ndikuteteza chinthu chimene chikundizunza. Ndikubwera Disembala, ndipo ulendo uno sindisintha tsiku. Ndikufuna ndikaununkhize uli wauwisi, uli m'nthaka, njuchi zikuterapo, monga unkamvekera pa chitenje cha Mayi akamachokera kukhitchini. Mwina ukatero udzasiya kununkha chipinda chija. Mukauzula, ine nditsala ndi wofota uja mpaka kalekale.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a ku Malemia, kwa azakhali, ndi kwa a Abida. Muwauze amalumewo kuti jekete lawo ndaliona, likudikira mwini wake achepetseko mimba.

Pomaliza, chigamulo cha khoti. Chifukwa chondiliza pantchito pamaso pa anthu a eni, mulipira izi: matemba aja, mipango iwiri, sopo wamtanda mmodzi, ndi Lachinayi lija. Lonse lathunthu, kuyambira m'mawa foni isanalire. Mulikulunge bwino m'pulasitiki lisanyowe, mupatsire a Tobias. Likafika mudzandiimbirenso, mudzamve mmene ndidzayankhire.

Ndine mlongo wanu wodandaula,
Flora