Ndinkasamala bambo a eni, anga akumwalira kumudzi

Aphungu,

Ndine namwino wa zaka 31, kwathu ndi kufupi ndi mishoni ya Guilleme. Ndatha zaka zinayi ndikugwira ntchito pachipatala china chachikulu m'tauni ina kumpoto. Tauniyo ikukula tsiku ndi tsiku ndipo odwala amachokera m'maboma angapo, moti m'wodi yathu ya abambo ena amagona pansi pakati pa mabedi.

Mwezi wa Meyi, tsiku Lachiwiri, mng'ono wanga Imelda anaimba foni kuti bambo athu, a Lameki, agwa m'munda wa mtedza ndipo pakamwa papotoka. Sabata imeneyo masana tinkakhala anamwino awiri okha pa odwala oposa 60. Ndinamuuza kuti athamangire nawo kuchipatala, ine ndinyamuka Lachisanu mnzathu wina akabwerako kutchuthi. Masiku atatuwo ndinkasamala mkulu wina wopanda womudikirira, kumumwetsa phala ndi kumutembenuza. Iye anachira. Bambo anga anamwalira Lachisanu lomwelo, basi yomwe ndinakwera isanafike n'komwe pa Kasungu.

Nditafika pamaliro Imelda anangoti, "Adokotala afika, apatseni mpando." Mpaka lero sakundilankhula.

Anthu atabalalika, amayi anandipatsa kabuku ka bambo kakuchipatala n'kunena kuti, "Iwe ndiye umadziwa zolembazi. Undiuze ngati tinachedwa nawo." M'kabukumo ndinaona kuti mu Febuluwale anawapeza ndi BP yokwera kwambiri, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha masabata awiri. Sanapitenso. Chifukwa chake ndikuchidziwa, pakuti bambo anandiuza okha pafoni akuseka: "Mayi ako akuti chipatala sichithawa, tiyambe takolola." Ine namwino ndinangoseka nawo.

Amayi ndinawanamiza kuti zolembazo sizikuwerengeka. Tchuthi changa chinatha sabata yatha, koma yunifolomu ndikulephera n'kuigwira komwe. Mkulu wa wodi waimba kawiri, sindinayankhe. Kodi amayi ndiwauze zoona? Nanga kuntchitoko ndikabwerera ndi mtima uti?

L.K., Mchinji.

A L.K.,

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Sindikunamizani kuti palibe chimene munataya. Mukananyamuka Lachiwiri mukanawapeza bambo ali moyo, ndipo zimenezo zipweteka kwa nthawi yaitali. Koma simunali kokasangalala. Munali pakati pa anthu 60 ndi mnzanu mmodzi, ndipo munasankha musakudziwa kuti kwatsala masiku atatu okha.

Lero lomwe imbirani mkulu wa wodiyo. Muuzeni mmene mulili, pemphani masiku ena oonjezera, ndipo pempholo mulilembe. Kukhala chete kukuchotsetsani ntchito musanaganize n'komwe ngati mukuifunabe. Mukabwerera, funsani aphungu a pachipatala panupo. Wosamala odwala nayenso amafunika womumvera.

Za amayi, ine ndikuona kuti yankho ali nalo kale. Iwo akufuna kudziwa ngati mwana wawo akuwaimba mlandu. Khalani nawo awiriwiri, ndipo muyambe ndi mbali yanu: kuti bambo anakuuzani, inu n'kuseka. Kenaka afotokozereni kuti matendawa nthawi zambiri samveka kupweteka, n'chifukwa chake anthu ambiri amazengereza. Zimenezo n'zoona, ndipo angathe kuzisenza. Musananyamuke, apititseni akayezetse BP yawo.

Imelda musalimbane naye. Ananyamula bambo yekha masiku atatu, akuyang'ana kumsewu kuti mutulukira. M'pempheni akusimbireni mmene masikuwo anayendera, ndipo akamalankhula musadziteteze ngakhale ndi liwu limodzi.

Chenjezo langa ndi ili: musalembe kalata yosiya ntchito mukadali m'chisoni chotere, ndipo kabukuko musakawerenge pamaso pa achibale ena. Pakhomo pa maliro sipachedwa kupezeka wofuna munthu womuloza chala, ndipo chalacho chidzagwera amayi anu, amene atsala okha m'nyumbamo inu mukakwera basi.