Pakamwa Panga M'mafoni a Anthu

Lolemba, 7 Okutobala

Ndikulankhula pang'onopang'ono kuti foni imve. Sukulu ndinangoilawa, cholembera chimandithawa m'manja. Taegon, mwana wanga, anaikonza kuti ine ndizilankhula, iyo izilemba. Anati palibe wina adzawerenge.

Mawondo lero ndi moto. Mvula kudoko.

Gemu ya pafoni imene wapanga yatuluka. Mwana wanga yemwe uja, amene anakulira patebulo la pakona, pakati pa mbale zakuda. Wandiikira m'foni. Lesitilanti yanga yonse ili mmenemo, ngati sindinaitseke. Chitseko cha buluu, mphika waukulu wa msuzi wa nkhumba, ngakhale fani yopindika khosi ija. Wosewera amaphika, kuperekera, kutsuka mbale. Akachedwa, makasitomala amanyamuka. Ndayesa. Onse andithawa. Ine!

Kuseri kwa mphika kuli kagogo ka epuloni yofiira. Mawu ake ndi anga. M'chilimwe anabwera ndi kachipangizo kojambulira mawu. Anati, "Amayi, ingolalatani mmene munkachitira muja." Ndinalalata masana onse, tikuseka. Sindinaganize patali.

Lachinayi, 10 Okutobala

Malja, mnzanga wogulitsa nsomba kumsika, wabwera akuseka kuyambira pamasitepe. Wamva mawu anga m'basi, m'foni ya mtsikana wasukulu. "Idya msanga, galu iwe, mpandowo si wa bambo ako!" Basi yonse kuseka.

Anati, "Achemwali, mwakwera. Mukutukwana mzinda wathu wonse wa Busan mutakhala phee pamphasa."

Ndinaseka naye. Amuna a kudoko ankabwera kwanga kudzatukwanidwa, mnofu wowonjezera uli m'mbale. Ndi mmene timadyetsera anthu kuno.

Atapita, ndinakumbuka. Pa 19 ndikukakumana ndi makolo a Yerim, chibwenzi cha Taegon. Anthu a kulikulu, ku Seoul. Bambo ake anali mphunzitsi wamkulu. Mayi ake amawerenga mawu kutchalitchi. Nanga akamva?

Lamlungu, 13 Okutobala

Ndamuimbira Taegon. Ndati achotsemo mawu anga, aikemo nyimbo.

Anati, "Amayi, anthu akugula gemuyi chifukwa cha inu."

Ndinakondwa, sindibisa. Koma ndinafunsa ngati asewere anga, makolo a Yerim, akudziwa. Anangoti ndisadandaule, kenako anati ali pamsonkhano. Msonkhano Lamlungu.

Iye waiwala, ine ayi. Mtsikana woyamba amene ankafuna kumukwatira, mayi ake anangoima pakhomo la lesitilanti, kununkhiza, kundimva ndikukalipira munthu. Ukwati unathera pomwepo. Mwana wanga anaonda ngati ndodo. Tsopano imvi zayamba pafupi ndi makutu. Uyu akamusiya, sadzafunanso wina. Ndikumudziwa.

Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Tsitsi ndapotetsa. Nsapato zatsopano, zikuluma.

Malja wadziyesa mayi a Yerim, ine ndikuyeserera. Wavala magalasi anga, mphuno m'mwamba. Ndamupatsa moni mwaulemu wonse, mawu a pawailesi.

Anati, "Mukulankhula ngati mukulengeza maliro, achemwali."

Ndayesanso. Pakati pa moni anandiponda phazi dala, ndipo linatuluka liwu limene sindinganene m'foni muno. Iye kugubuduka ndi phwete.

Ndaganiza. Pakamwa pangapa sipaphunzitsika. Ndikangopatseka.

Loweruka, 19 Okutobala

Zatha. Palibe liwu loipa limene lapulumuka.

Chipinda chathu chathu m'hotela. Timbale tambirimbiri, chakudya chongokwana mbalame. Msuzi wozizira, wopanda mafupa. Ndinangomeza.

Asewere aamuna, munthu wamtali, ankandiyang'ana akumwetulira ngati akudikira chinachake. Ndinayang'ana m'mbale. Akafunsa, "Inde." Akanena, "Zikomo." Yerim anandichotsera minga m'nsomba n'kundiikira pampunga. Ndinaweramitsa mutu, ndinati, "Zikomo kwambiri, mwavutika."

Mayi ake anafunsa kuti mwana wawo ndikumuona bwanji. Mumtima munali zambiri. Tsaya lake limakumbika akamaseka. Taegon ali naye pafupi amadya. Koma ndikanayamba, sindikanadziwa pothera. Ndinati, "Ndi mwana wabwino." Basi.

Tsiku la ukwati sanalitchule. Paja ndi limene tinakumanirana. Mwina anthu ophunzira amatero.

Zidendene zatupa matuza.

Lachitatu, 23 Okutobala

Taegon zii chiyambire Loweruka.

Ndakhala ndikusewera gemu kuti mutu usaphulike. Tsopano ndimatha matebulo onse, kupatula nthawi ya nkhomaliro. Kagogo kaja kandiuza kuti manja anga ndi a nkhanu. Ndakayankha.

Madzulo Taegon waimba. Mawu olemera.

Mayi a Yerim akuti sapereka mwana wawo kunyumba imene sakumufuna. Akuti nkhope yanga inali mwala. Ndiyeno gemu ija onse amaidziwa kalekale. Bambo ake amasewera mpaka kuchimbudzi. Mawu anga amawaloweza n'kumauza anzawo. Anabwera ku Busan kudzaona gogo uja, ndipo anapeza mayi wouma amene sanayang'ane mwana wawo kumaso.

Ndinati, nanga iwe osandiuza bwanji?

Anati, "Ndikanakuuzani simukanabwera n'komwe."

Sananame. Komabe ndamutukwana, ndipo sanaseke.

Makolowo akuti ayambe aganiza kaye. Yerim akungolira.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndagwira foni kuti ndiimbire asewere. Ndaiika pansi. Ndilankhule ndi pakamwa pati? Paulemu pandiwonongera. Potukwanapo n'kuyamba napo kwa mayi wa kutchalitchi?

Malja wandibweretsera nsomba. Sanaseke lero. Anati makolo ndiwasiye, ndiitane Yerim yekha.

Ndamutumizira mawu. Ndati Lamlungu ndikuphika msuzi, ngati ali ndi mpata. Ndabwereza kangapo kuti amveke bwino. Wawamva, foni ikuonetsa. Sanayankhe.

Mafupa ndagula kale. Ndawaviika.

Lamlungu, 27 Okutobala

Wabwera. Yekha, pa sitima yam'mawa. Maso otupa, m'manja bokosi la mapeyala.

Anakhala mogwada pakhomo la khitchini ngati mlendo. Ine ndikutakasa mphika umene sunkafunika kutakasa.

Kenako anati, "Amayi, anthu osawadziwa n'komwe mumawatcha agalu. Ine ndekha mumandiuza zikomo. Ndinalakwa chiyani?"

Ndinkafuna, Mulungu akudziwa. Koma kutukwana kochita kupemphedwa sikutuluka. Iye akudikira. Ndinaona kuti akangodzuka apa n'kuvala nsapato, zatha.

Ndinangomupatsa mpeni ndi anyezi.

Mayi wanga ine. Kagwiridwe kake! Zala tambalala pathabwa, mpeni ukubwera kuchokera kumwamba ngati nkhwangwa. Zidutswa zina ngati chala chachikulu, zina ngati tsitsi. Mpeni unadutsa pafupi ndi chikhadabo.

Sindikudziwa kuti zinatuluka liti. "Iwe mbuzi iwe, ukudula anyezi kapena ukuwaza nkhuni? Chalacho ukachidula, mphete uvala pamphuno? Pinda zala! Sukulu zonsezo anakuphunzitsa chiyani, mutu ngati dzungu?"

Anaima. Ine mtima phaa, ndati ndaonjeza.

Kenako tsaya lija linakumbika. Misozi ndi mamina, kuseka konse. Anatulutsa foni manja ali anyezi okhaokha. "Mama! Mama, anditcha mbuzi!"

Ndinamva bambo ake chapatali akufunsa kuti nanga dzungu ananena? Mayi ake sanaseke. Anangoti andiimbira mawa, tikambirane. Za tsiku kapena za china, sananene. Ndiye mantha sanathe.

Wadya mbale ziwiri. Wowonda ngati udzudzu, ndamuuza. Tsopano ali kukhitchini, wandithamangitsa, akuti ndipumitse mawondo, atsuka yekha.

Mawa ndidzayamba ndi moni waulemu, kenako ndidzaona mmene mayiyo akupumira. Ndikadzamva kuti

Dikirani. Akukwecha chiyani? Umenewo ndi mphika wanga wachitsulo. Iwe Yerim! Sopo mumphika umenewo ayi, chitsiru iwe, ndakuuza kuti