Ekiselo ya Ababa

Limbuli,
Mulanje.
19 Novembala 2023

Okondedwa Achimwene a Mikaeli,

Ndikhulupirira muli bwino ku Gurue kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba, mitambo ikungosonkhana pamwamba pa phiri n'kubalalikanso. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhani iyi ndikaiyamba pafoni mundidula pakamwa, ndimakudziwani inu. Ndiye ndati muiwerenge kaye yonse, kukalipa mukalipe pambuyo. Chichewa mudakachitha, musanamizire Chipwitikizi.

Galimoto ya ababa taiphwasula. Ndayamba ndi zimenezo kuti mtima wanga ukhale pansi. Inde, fowilu ija, yokoka ndi mawilo onse anayi, anakuthawitsirani nkhondo inu ndi malemu amayi, ine ndisanabadwe. Mukukumbuka kuti nkhondo itatha inu munabwerera ndi amalume, koma ababa anakana kukwera lole ya othawa kwawo. Amvekere, "Ine Arsenio ndinabwera ndikuyendetsa, ndidzapitanso ndikuyendetsa." Injini inafa, galimoto n'kukhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka ine kukula, kukwatiwa, kubereka. Koma chilimwe chilichonse ankalowa pansi pake ndi chitini cha girizi, kupaka apa ndi apo, n'kuzungulitsa mawilo ndi manja. Ndili mwana ndinayanikapo matewera a chidole, mbama yake ndikuimvabe.

Tsono imvani m'mene zinayendera. Alamu anu a Kingstone, bambo a Takondwa, mukudziwa kuti amatidyetsa ndi fowilu yawo, kututa nthochi ndi masamba a tiyi kwa alimi a m'tsinde mwa phiri, kumene lole siifika. Chichokereni namondwe wa Freddy misewu ya kumeneko ndi zigwembe zokhazokha. Mu Seputembala anagwera m'chigwembe atasenza nthochi, ekiselo yakutsogolo, chitsulo chija chimagwira mawilo, n'kupindika, masipuling'i n'kuthyoka. Anasesa zonse tinali nazo n'kukagula ekiselo yakale ku Limbe. Pa tala inayenda bwinobwino, ine mpaka nthungululu. Abale inu! Tsiku loyamba kukwera phiri, atangolowetsa fowilu, galimoto inayamba kunjanja, kenako phwa! Kani mano a m'difu yakutsogolo, chibokosi chija chimazungulitsa mawilo, sanali ofanana ndi a kumbuyo. Mawilo akutsogolo akufuna kuthamanga, akumbuyo akufuna kuyenda, zitsulo n'kutafunana. Anabwera nayo kunyumba chokoka.

Alimi a tiyi anatiuza poyera kuti mvula ikagwa galimoto isanadzuke, ntchito apereka kwa wina. Sindikuwada, masamba sadikira munthu. Patapita masiku angapo ndinawapeza bambo a Takondwa akupukuta pasipoti. Mnzawo wina wa ku Joni anali atawapezera malo otsuka magalimoto. Achimwene, ndawaona akazi a kuno amene amuna awo anapita ku Joni. Chaka choyamba foni imalira tsiku ndi tsiku, chachiwiri pa Khirisimasi pokha. Ndinawauza zimenezo, ndi zina zambiri zosayenera kulemba. Pakamwa panga mukupadziwa. Anamva ndi a kutsidya kwa msewu omwe, ndiye ababa akanalephera bwanji, nyumba yawo ili pafupi chonchija?

Ndisaname, ekiselo ya ababa ndinali nditaiganizira. Ndikamadutsa pa mtengo paja maso ankapita okha. Koma kuitchula sindikanatha, ndipo bambo a Takondwa akanayamba kumeza sipanala asanapemphe. Anthu awiriwa sanagwirizanepo. Ababa ankati mkamwini wawo amayendetsa ngati akuthamangitsidwa, ndipo moni wawo unkathera pa "mwadzuka bwanji".

M'mawa mwake ndikusesa, ndinangoona ababa akubwera atavala ovolosi yawo yakale ija, yomwe tsopano ikuwakhwepa, choko chili kukhutu. Anaima pakhomo osakhala pansi.

"Bambo a Takondwa, ndamva kuti mukupita ku Joni."

"Ndikangoyesako chaka chimodzi, bambo," anayankha alamu anu, maso ali pansi.

"Chaka chimodzi. Inenso kuno ndinabwera kudzakhala mwezi umodzi." Kenako anati, "Tengani jeke munditsate."

Anayamba ndi galimoto yathu. Anaikweza kumbuyo, n'kulemba choko pa tayala ndi pa shafuti, chitsulo chija chimazungulira pansi. Bambo a Takondwa akuzungulitsa mawilo, iwo ali chagada akuwerenga, milomo ikungogwedera. Atatha anapita pa yawo n'kuchita chimodzimodzi kutsogolo. Ine ndili chilili ndi tsache m'manja, mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti ndipemphere ziti, zifanane kapena zisafanane. Anatuluka pansi paja, n'kudzisansa fumbi.

"Pronto, zatheka. Mano ndi amodzi. Kaitaneni Mackson abwere ndi zowotcherera."

Ine pakamwa panangotseguka pokha. "Ababa, nanga kwanu mudzapita bwanji?"

"Iwe Celeste, anthu akugwira ntchito. Kaphike tiyi."

Ndinakaphika, misozi ikugwera pa mbaula.

Ntchito yake sinali yamasewera. Mackson, makaniko wa kuseri kwa msika, anati chiyambireni ntchito sanaonepo mabawuti okanirira chonchija. Anawathira parafini, kuwasiya agone, kuwawotcha, kuwamenya, iye akutukwana pang'onopang'ono kuti ababa asamve. Koma atatsegula difu anaimba likhweru. Mkati munali mbee, mafuta ali oyera, dzino ngakhale limodzi losabenthuka. Zaka zonse zija tinkawaseka ndi girizi wawo! Anachotsanso masipuling'i, ati awa ndi achitsulo chakale, amasenza osadandaula. Malo okhala masipuling'i sanagwirizane ndi galimoto yathu, ndiye Mackson anadula n'kuwotcherera pena, ababa ali pambali ndi chingwe akuyeza uku ndi uku kuti ekiselo isapendeke. Pamenepo ndinamva chinthu chimene sindinamvepo, ababa ndi bambo a Takondwa akukangana za bawuti, kenako akuseka limodzi.

Nthawi imodzi yokha ndiyo ababa anachokapo. Anthu atagwira ekiselo kuti aikoke pansi pa galimoto yawo, ababa anati akukaona mbuzi. Mbuzi zake ziti, tinagulitsa zonse? Anabwera itafika kale pa yathu. Galimoto yawo tsopano yagwada pa njerwa ngati ng'ombe yotopa, ndipo ine ndimazungulira kuseri kwa khitchini kuti ndisaiyang'ane.

Lachinayi lapitali ndilo tinakaiyesa. Ababa anavala jekete la kutchalitchi n'kukhala kutsogolo, ine pakati. Pofika pa chitunda chija inathyokera, bambo a Takondwa anatsika kukaloka mawilo akutsogolo. Analowetsa fowilu. Ine ndinatsinzina. Achimwene, inakwera! Osanjanja, osalira, kungokwera phee mpaka pa shedi ya alimi. Azimayi anasiya madengu n'kutithamangira. Ababa anangoti, "Giya yachiwiri, musaikakamize," koma dzanja lawo linali likusisita chitseko.

Potsika, bambo a Takondwa sanakhotere kunyumba. Anapitirira mpaka ku Muloza n'kuima chapafupi ndi mlatho, pamene phiri la ku Milange limaonekera lonse. Anazimitsa injini n'kuvula chipewa.

"Bambo, mafuta alimo. Chiphaso cha paboda tikhoza kutenga pompano. Chiwongolero ichi, mukafuna yendetsani nokha mpaka ku Gurue. Mungonena."

Sindinkadziwa kuti akonza zimenezi. Ababa anayang'ana kutsidya nthawi yaitali. Njinga zikudutsa ndi matumba a chimanga, anyamata osintha ndalama akutigogodera pa galasi, iwo osaphethira. Anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, n'kuchisiya.

"Tembenuzani, mwanangu," anatero. "Ana aweruka kusukulu, akapeza pakhomo palibe munthu."

Mwanangu! Bambo a Takondwa analiza galimoto akulephera kuona msewu. Pasipoti anandipatsa tsiku lomwelo, ndaiika pansi pa sutikesi, ndipo mawa akuyamba kututa masamba.

Ndikudziwa kuti zikupwetekani. Inu ndi amene mwakhala mukutumiza tizitsulo chaka ndi chaka kuti galimoto ija idzuke, ababa abwerere. Tinayenera kukufunsani, koma zinachitika mothamanga, ndipo eni ake anali atalamula kale. Batire lija munatumiza pa Isitala nalonso lili m'galimoto yathu, ndinene zonse. Ngati pali wokalipira, kalipirani ine. Koma dziwani kuti ana anga agona bambo awo ali m'nyumba chifukwa cha ababa ndi inu, ndipo ndilibe mawu okwanira. Zikomo, achimwene. Zikomo kwambiri. Ndakhala ndikuyesa kuwathokoza ababa, koma ndikangoyamba amandifunsa ngati ndilibe ntchito.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chawo ndapatsira mayi yemwe wanyamula kalatayi. Moni kwa Paul ndi azing'ono ake, ndiponso kwa amalume ngati makutu akuwalolabe kumva. Bambo a Takondwa akuti moni wambiri, akuchita manyazi kukuimbirani. Takondwa ndi Tamanda akufunsa ngati kwanuko kulinso phiri.

Ababa ali pakhonde pano pamene ndikulemba. Ndawafunsa kuti ndikuuzeni kuti abwera liti, poti mukangowerenga mufunsa zimenezo. Ati ayi, usalembe zimenezo. Ati ulembe kuti iyeyo Mikaeli abwera liti kudzationa kuno kwathu, tikamuchingamira pa mlatho.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Celeste