Nyimbo Yako Yatipeza, Paison

Makhuwira, Chikwawa
16 Ogasiti 1926

Wokondedwa mphwanga Paison,

Ndiyambe ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Maromeu? Thupi likukulolabe kudula nzimbe? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma kudimba akupita, ndipo ukawaletsa ndiye kuti waputa nkhondo. Mlamu wako Dorika ali bwino pamodzi ndi ana. Mvuu zinatidyera chimanga cha kudambo, koma thonje labereka ndithu ndipo tili mkati motola.

Kalata yako ndinailandira, ndipo ndinaiwerenga katatu. Masamba awiri athunthu ukufunsa nyimbo zatsopano: ndani akuimba, akuimba zotani, ndikulembere mawu ake kuti ukasangalatse anzako kukomboni. Za mkazi wako Evelesi mzere umodzi wokha, pansi penipeni pomwe pepala limathera. Ndinaona, Paison. Zaka zitatu uli kutali, ndipo chimene wasowa kwambiri ndi nyimbo?

Koma poti wafunsa nyimbo, ndikuuza nyimbo.

Mwezi watha kunabwera amuna oimba nyanga ochokera kwa Malemia, ndi zitoliro zawo zansungwi zija. Wowatsogolera ndi Symon, kamunthu kakafupi koma mpweya ngati ng'ombe. Ali ndi nyimbo ya sitima ya pamtunda imene imanyamula amuna osawabweza. Ndi yabwino, ukadaikonda. Symon akuti akusula zina ziwiri, adzazitulutsa mowa wa mapira ukadzapsa.

Amayi a gule wa utse nawo apeka yawo, yoseka amuna obwera ku Halale ndi chipewa ndi ambulera koma khasu osalidziwanso mpini wake. Mawu ake sindikulembera, ndine mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ine, ndipo kalata imadutsa m'manja ambiri.

Ku Chiromo mmwenye wina wa sitolo wagula galamafoni, bokosi loimba lokha ukaikapo mbale yakuda. Anthu akumaunjikana pakhonde mpaka kuiwala chimene anabwerera. Akuti mbale zina zikubwera pa sitima mwezi wamawa. Ine bokosilo sindilikhulupirira. Munthu woimba osamuona nkhope, ungadziwe bwanji ngati akunena zoona?

Tsopano khala pansi, chifukwa yotsatirayi ndi imene yandilembetsa kalata ino.

Mu Juni kunafika mwamuna wina dzina lake Lorenso, woimba bangwe. Kwawo ndi kwa Maseya, kutsidya kwa Shire, koma wakhala zaka zambiri ku Zambezi. Alibe gulu, alibe mbuye, amangoyenda yekha ndi bangwe wake kulikonse kumene kuli anthu. Ine sindinamumve, ukudziwa kuti pamowa sindikhalanso chiyambire uphunzitsi. Ndinkangomva kuti ali ndi nyimbo ina yatsopano imene yakomera anthu.

Kenako ndinayamba kumva zina. Akuti pa mowa wa dima kwa a Kalisto, Lorenso ataimba, Evelesi anaika pansi mtsuko n'kukakhala pafupi ndi iye mpaka anamaliza. Ndinati palibe kanthu, khutu ndi lake. Sabata yotsatira akuti anamutsatira kumsika, n'kuimanso pomwepo ngati mtengo. Kachitatu anakwera bwato kuwoloka Shire mpaka kwa Maseya, kusiya thonje loti atole.

Iwe ukundidziwa mtima wanga. Popita unandisiyira mawu akuti ndine nkhoswe yako, ndiziyang'anira banja lako. Ndiye ndinayamba kuyang'anira ngati mphaka pa una wa mbewa. Tsiku lina masana ndinamuona akutuluka ndi nkhuku kukhwapa, ndipo ndinamulondola chapatali, ine bambo wa ndevu zanga, kubisala m'mapira ngati wakuba. Ndinamuona ndi maso angawa akupereka nkhukuyo kwa Lorenso. Analankhula naye nthawi yaitali, kenako anapukuta misozi ndi nsalu.

Sindinamufunse kanthu. Apa ndi pamene ndinalakwira, ndipo ndikuvomera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinathamanga tsiku lomwelo kwa atsibweni ake, a Geresomo, n'kukatula mlandu. Ndinati mphwanga akukhetsa thukuta kunzimbe, mkazi wake akudyetsa nkhuku zake oimba bangwe. Ndinalankhula mokweza, mudzi wonse unamva.

A Geresomo anaitana bwalo la ankhoswe Loweruka m'mawa. Evelesi anakhala pansi miyendo atatambasula, osandiyang'ana. Nditatha kunena zanga zonse, anamufunsa ngati ali ndi yankho. Iye anati alibe mawu ambiri, angopempha chinthu chimodzi: aitane Lorenso abwere ndi bangwe wake, aimbe nyimbo ija alamu amve okha.

Ine ndinaseka ndithu. Ndinati onani, akufuna amuimbire pomwe pano.

Lorenso anabwera osadziwa chimene walakwa. Anakhala pansi, anakonza nsambo zake, n'kuyamba. Paison, asanatsegule n'komwe pakamwa, tsitsi langa linaima. Mayimbidwe amenewo ndikuwadziwa kuposa dzina langa. Ndi ine amene ndinkakhala kumapeto kwa ulimba wako, kumatabwa aakulu olira pansi, pamene iwe unkaipeka nyimbo imeneyi chaka chimene unkafunsira Evelesi. Unamuona akuchokera kudambo kokumba nyika, mizu ya akakombo ija, matope mpaka m'mawondo, ndipo unatisowetsa mtendere mwezi wathunthu ndi mawu aja akuti mapazi a matope, Evelesi, ndatsata momwe waponda.

Lorenso anaimba chimodzimodzi, osaphonya paliponse. Koma atafika pa dzina, anati mapazi a matope, Anastazia, ndatsata momwe waponda.

Ngakhale matope sunasinthe, mphwanga. Unangozula dzina limodzi n'kubzala lina pa phando lomwelo.

A Geresomo anafunsa Lorenso kumene anaitenga nyimboyo. Iye anayankha mosabisa, monga amachitira oimba enieni, kuti si yake. Anati anaiphunzira ku Maromeu kwa katswiri wina wa ulimba, munthu wamtali wa mpata kumano, amene anzake amamutcha Paison wa ku Makhuwira. Anati anabwera nayo kuno dala, poganiza kuti abale a munthuyo akondwa kumva luso la mwana wawo. Zoti mayi amene amamutsatirayo ndi mkazi wa mwini nyimbo anazidziwa tsiku la nkhuku lija.

Pamenepo Evelesi analankhula. Anati ulendo woyamba anaganiza kuti khutu lamunamiza chifukwa cha phokoso la pamowa. Ulendo wachiwiri anamva bwinobwino, koma anati mwina woimba wasokoneza. N'chifukwa chake anawoloka Shire, kuti amve kachitatu asananamizire mwamuna wake. Iye anamva katatu asanakuweruze iwe. Ine ndinaona kamodzi n'kumuweruza iye.

Nkhuku ija akuti anapereka pomupempha Lorenso kuti asaimbenso nyimboyo kuno, kuti dzina lako lisanyozeke ndiponso amayi athu asamve.

Ndinafuna nthaka indimeze. Komabe magazi ndi magazi, ndinayesa kukuikira kumbuyo. Ndinati inu nonse mukudziwa mwambo wa oimba, munthu akafupa amatchulidwa dzina m'nyimbo, mwina Anastazia ameneyu ndi mayi wina amene anangofupa tsiku limodzi. Lorenso anayang'ana pansi. Ndinamukakamiza. Anati iye nyimboyo anaimva Lamlungu lililonse kwa miyezi isanu, pakhomo limodzimodzi, ndi dzina limodzimodzi, ndipo nsomba zimene ankadya pakhomopo ankaphika ndi mwini dzina. Anati zina sakudziwa, iye ndi mlendo.

Ndinagwada pamaso pa mlamu wanga, anthu onse akuona, n'kupepesa. Anandiyankha mwaulemu kuti wamva, alamu. Koma pepani sapoletsa chilonda. Chiyambire tsiku limenelo amandipatsa moni ngati mmene amapatsira munthu wodutsa pamsewu, ndipo ndi zondiyenera.

Lorenso anasunga lonjezo lake, sanaimbenso. Koma nyimbo yabwino ilibe chitseko. Atsikana anali ataigwira kale, akusinjira pamtondo. Asodzi akuimba m'bwato. Amuna a Symon aja akuti akuiyesa pa nyanga. Ndipo onse akuimba Anastazia, chifukwa ndi mmene anaimvera.

Ndikuuze za ulimba wako. Unausiya m'nyumba ya Evelesi, ndipo zaka zitatu zonsezi wakhala akuusamala ngati mwana wodwala. Anaupachika pamwamba kuopa chiswe. Chilimwe chilichonse amautsitsa, amapukuta matabwa, amaona zipanda zapansi zija ngati zang'aluka. Ankayenda m'nkhokwe za anthu kufunafuna timatumba toyera ta kangaude tomata paziboo, monga unamuphunzitsira, kuti tsiku lomwe udzafike udzapeze ukulira bwino. Anthu ankamuseka kuti wakwatiwa ndi matabwa. Iye ankangomwetulira.

Ngakhale bwalo lija litatha, ulimba unakhalabe pamalo pake. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mtima wake ugwa.

Lachitatu lapitali mwana wako Esinala, amene unamusiya ali kumsana, ankasewera pakhomo akuumba tiziwiya tadothi. Anayamba kuimba nyimbo imene ana onse akuimba. Amayi ake ali pomwepo akupeta, mwanayo n'kumati mapazi a matope, Anastazia. Sakudziwa kanthu. Sakudziwa kuti nyimboyo ndi ya bambo ake, sakudziwa kuti inali ya mayi ake.

Evelesi sanamukalipire. Anamaliza kupeta, analowa m'nyumba, anatsitsa ulimba, n'kuitana mng'ono wake kuti amuthandize kusenza. Anadutsa nawo pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu, mpaka pakhomo panga. Anautula pansi bwinobwino kuti zipanda zisasweke. Anati katundu wa mphwanu ndi uyu, alamu, mwini nyumba wamutulutsa.

Iwe ukudziwa tanthauzo lake. Unakwatira chikamwini, nyumba ndi yake, munda ndi wa kwawo, mwana ndi wa mbumba yawo. Katundu wa mkamwini akabwezedwa kwa nkhoswe, chatsala ndi mawu amodzi okha. Ndinathamangira kwa a Geresomo, ulendo uno chipewa chili m'manja. Ndinawachonderera mpaka anavomera kudikira. Anati msika wa thonje ukadzatsekedwa kumapeto kwa Okutobala, ngati Paison sanafike kudzayankha ndi pakamwa pake, iwo adzamasula mwana wawo ndipo sadzamvanso za ine.

Nditabwerako ndinakhala pansi kuuyang'ana ulimba wako. Ndinatenga timitengo toimbira, manja anga anali asanaiwale. Ndinayenda kuyambira kumatabwa aakulu kupita kwa aang'ono, ndipo kumapeto ndinamenya pamphepo. Kathabwa kotsiriza palibe, kaja kolira mokweza kamene umayambira nako nyimbo ya Evelesi. Chingwe chake sichinaduke, chinachita kumasulidwa ndi dzanja.

Ndinatuma Dorika kuti akafunse mwachifatse, poti ine pakamwa panga panatha ntchito. Evelesi anati inde, kali kwa iye. Anati ngati mwini wake akukafuna adzabwere yekha adzakapemphe, ndipo adzanene pamaso pake dzina limene akufuna kuimbira nako.

Ndi zimenezo, Paison. Ine sindikudziwa ngati umenewu ndi mkwiyo kapena ndi khomo limene wakusiyira, ndipo sindiyesanso kulosera za mumtima mwa mayi ameneyu, ndinalosera kamodzi n'kupsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkazi amene watsimikiza kuchoka sasunga kathabwa.

Tsono ndikufunsa, ndipo undiyankhe ngati mkulu wako. Anastazia ndani? Usandilembere kuti ndi mlongo wa kapitawo kapena mayi wachifundo wokuphikira. Ndaganiza kale mabodza onse amene ungapeke, ndipo palibe limene lingawoloke Shire. Ngati pali mwana kumeneko, nena. Ngati palibe, nenanso. Choipa chodziwika tingakhale nacho pansi n'kuona chochita.

Usatumize nsalu, usatumize sopo. Evelesi sakusowa chovala. Pempha tchuthi kapena siya ntchitoyo, nzimbe zidzamera iwe kulibe. Ukwere sitima utsikire pa Chiromo, ine ndidzakuchingamira. Ndidzapita nawe kwa a Geresomo ndi kukhala pambali pako, ngakhale mawu anga kumeneko tsopano ndi opepuka ngati thonje. Ndinawononga mbali yanga ya mlandu uno, ndipo manyazi ake ndisenza ndekha. Mbali yako palibe angakusenzere.

Amayi sitinawauze, koma dzulo ndinawamva akung'ung'udza nyimboyo kudimba. Atafika pa dzina anasiya, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Unandipempha kuti ndikuuze nyimbo imene yatchuka kwambiri kuno chaka chino. Ndi yako, mphwanga. Kuyambira kwa Maseya mpaka kwa Malemia palibe ina yoiposa. Munthu mmodzi yekha ndiye sakuimba, ndipo ndi amene unamupekera.

Mulungu akusunge ku matenda ndi ku ngozi za panjira, akupatsenso mtima wonena zoona. Undiperekere moni kwa anzathu onse a kuno amene uli nawo kunzimbe, makamaka mwana wa a Kalisto, umuuze kuti bambo ake akudandaula kuti salemba. Dorika ndi ana akupereka moni. Amayi akuti ubwere akadali ndi maso. Evelesi ndinamufunsa ngati ndiike moni wake. Anati ndisiye malo opanda kanthu, ndiye ndasiya.

Ndine mkulu wako ndi nkhoswe yako,
Fanuel